Lilime la Wophika Sopo

Kunja kukangoyamba kuyera, a Lilime ankakhala atasamba kale. Ankagwada pambali pa bedi n'kupemphera chamumtima, kenako ankatsuka m'kamwa ndi madzi ofunda okhaokha. Mankhwala otsukira mano ankawagwiritsa ntchito madzulo basi, chifukwa ankati m'mawa amapha lilime. Tiyi wotentha sankamwa. Akazi awo ankathira tiyiyo m'kapu yachitsulo n'kumuika pawindo kuti apole, iwo akumanga zingwe za nsapato zawo zakuntchito. Tsabola sankalowa m'nyumba imeneyo, fodya ndi mowa ndiye osanena. Anthu a kutchalitchi ankati zonsezi ndi kuopa Mulungu, ndipo a Lilime sankawatsutsa, koma akazi awo ankadziwa kuti theka linali la Mulungu, theka linali la sopo.

Ankagwira ntchito pafakitale yopanga sopo, kuseri kwa njanji, ndipo anali atakhalapo zaka makumi atatu ndi zinayi. Analowa ngati wonyamula matumba a mchere. Wophika wamkulu wa masiku amenewo, nkhalamba yosakonda kulankhula imene anthu ankangoitchula kuti a Ndevu, inaona kuti wonyamula matumbayu akapatsidwa madzi akumwa amadziwa mpope umene atungidwa. Tsiku lina inangowaitana kukwera makwerero, n'kuwapatsa chipande chachitsulo. Dzina la Lilime linayambira pomwepo, ndipo dzina lawo lenileni linatsalira m'mapepala a ku ofesi.

Mphika wake sunali wa pamoto ngati wa kunyumba. Inali thanki yachitsulo yotalika ngati nyumba yosanja, mmene mafuta ndi soda zinkabwatira ndi nthunzi masiku atatu. Soda akachuluka, sopo amaotcha khungu la wosamba. Akachepa, sopo amamata n'kuyamba kununkha mafuta mwezi usanathe. Labotale inalipo, koma yankho lake linkatenga maola awiri, pamene mphika sudikira munthu. Choncho wophika ankatapa pang'ono ndi chipande, n'kuona mmene sopo akutsetserekera, n'kumufinya pachikhatho ndi chala chachikulu, kenako n'kumukhudzitsa kunsonga kwa lilime. A Ndevu anawaphunzitsa kuti akaluma ngati nyerere, musiye. Akaluma ngati njuchi, onjeza mafuta. Akapanda kuluma, onjeza soda. Pepala la ku labotale linkabwera pambuyo, kudzangovomereza.

Pakhoma, kumbuyo kwenikweni kwa malo amene ankaima, panali chikwangwani choletsa kuika chilichonse cha m'fakitale pakamwa. Mabwana onse amene anadutsa pafakitalepo ankadziwa nthawi yoyang'ana kumbali. Ana anayi a a Lilime anaphunzira sukulu ndi lilime limenelo, ndipo nyumba ya zipinda zitatu imene ankakhalamo inamangidwa nalo.

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, m'mawa wina akazi awo sanapite kukhitchini atawapatsa tiyi. Anaima pakhomo n'kumawayang'ana mpaka kapu inatha.

"Tiyi anali bwanji?"

"Ngati wa masiku onse. Zikomo."

Mayiwo anakoka mpando n'kukhala. "Bambo a ana, ndathiramo mchere. Masipuni awiri. Mwadala."

A Lilime anayang'ana m'kapu muja. "Ndiye mwayamba ntchito ya mdyerekezi, kuyesa anthu m'mawa uno?"

"Mdyerekezi sanakuchapirenipo ovololo. Zayamba liti?"

"Miyezi inayi."

"Kuchipatala?"

"Ndinapita. Akuti zimachitika. Lilime likhoza kubwerera, likhoza osabwerera."

Miyezi inayi yonseyo anali akuphika ndi maso ndi chala. Sopo ankamukhudzitsabe kulilime kuti anthu asadabwe, koma kunali ngati kukhudzitsa pachigongono. Akakayika, ankanamizira kukonza chinachake mpaka pepala la ku labotale lifike. Mphika umodzi unali utabwerezedwa kale, ndipo anthu anati vuto linali mafuta.

"Mukawauze," anatero akazi awo. "Sopo ameneyu amasambitsira makanda."

"Ndikudziwa. Koma ndikawauza, andipumitsa mwezi womwewo. Ntchito sindikuilira, amayi, ana anakula. Nanga zimene zili m'mutu muno azitenga ndani?"

Apa ndi pamene panali nkhawa yawo yonse. Zimene a Ndevu anawasiyira, ndi zimene iwo anawonjezerapo, sizinalembedwe paliponse. Ankadziwa kuti mafuta obwera nyengo yozizira amachedwa kugwirana ndi soda, kuti a kwa wogulitsa wakuti amabisa madzi pansi pa thanki, kuti thovu likayamba kuphulika kuchokera m'mbali muzitseka nthunzi musanaganize kawiri. Amene ankagwira nawo ntchito pamphika anali amuna akuluakulu, anzeru zawo, koma lamulo la ku ofesi linali lakuti aliyense azisinthidwa malo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuti adziwe ntchito zonse. Munthu akangoyamba kuona kusiyana kwa thovu, ankamutumiza kodula sopo kapena kolongedza. Onse ankadziwa pang'ono pa chilichonse, ndipo wodziwa kuphika analipo mmodzi.

Patangopita milungu itatu, kunabwera mayi wina wa ku ofesi yaikulu. Kampaniyo inali ya anthu ambiri amene anagula masheya ake pamsika wa masheya, ndipo chaka chilichonse inkasindikiza buku la lipoti louza eni akewo mmene zinthu zayendera. Mayiyu ndi amene ankalemba bukulo. Anasonkhanitsa antchito m'kantini nthawi ya nkhomaliro, n'kuima pafupi ndi sinki atagwira mapepala.

Anafotokoza kuti lamulo limangokakamiza kampani kulemba zinthu zogwirika: nyumba, makina, magalimoto, katundu wa m'nyumba yosungiramo. Koma pali chuma china chimene sichioneka pamenepo, anatero, monga luso la antchito, njira zogwirira ntchito, ndi chikhulupiriro cha ogula. Palibe lamulo loti zimenezo zilembedwe. Makampani ena amazilemba mwa kufuna kwawo, kuti eni masheya adziwe chimene anagula, ndipo chaka chino bwana mkulu wavomera kuti nawonso ayese.

Dalaivala wa lole, munthu wosasowa chonena, anakweza dzanja ali ndi buledi m'kamwa. "Madamu, ndiye kuti mutu wangawu ndi wa kampani?"

"Zimene zili m'katimo, bambo, zimathandiza kampani."

"Wako ndiye akaulemba pa katundu wowonongeka," anatero mayi wina wolongedza, ndipo kantini yonse inafa ndi phwete.

"Musaseke," anatero dalaivala uja. "Ngati ndi chuma, usiku azitimanga loko ngati mmene amachitira ndi matayala."

A Lilime sanaseke kwambiri. Anali atamva mawu amodzi: kulemba.

Mayi wa lipoti anakwera makwerero a mphika m'mawa mwake, atavala chipewa cholimba chimene chinkamugwera m'maso. Anati akhala theka la ola. Anakhala mpaka masana, ndipo anabweranso masiku ena awiri. A Lilime anamukonda chifukwa akamuuza chinthu ankafunsa kuti "chifukwa chiyani", funso limene pafakitalepo palibe anali atawafunsapo. Anamuonetsa sopo wotsetsereka bwino pachipande, wosweka ngati mamba a nsomba, ndi wina wokakamira. Anamufinyitsa pachikhatho. Atafuna kulawa anamuletsa.

"Inu ayi, amayi. Lilime lanu ndi la tiyi wotentha. Mungovulala pachabe."

Pofika tsiku lachitatu mayiyo anali atadzaza masamba khumi ndi limodzi. A Lilime anali atapemphera nkhaniyo masiku awiri, ndipo akazi awo anali atawauza kuti akapanda kunena okha za lilime lawo, akanena ndi iwo akaziwo. Anadikira kuti wothandiza pamphika atsike kukatenga mchere, n'kutsamira pachitsulo chogwirira.

"Pali china choti mulembe. Lilime limeneli linafa. Miyezi isanu tsopano."

Cholembera chinaima. "Bwana akudziwa?"

"Akudziwa ndi Mulungu, akazi anga, ndi inu."

"Bambo, izi ndilembedi? Mukudziwa zimene zingachitike?"

"Munati buku lanu ndi lonena zimene palibe wakukakamizani kunena. Inenso palibe wandikakamiza. Lembani kuti maso alipo, chala chilipo, mutu ukadali bwino. Eni kampani akawerenga, atumiza munthu msanga kuti adzatenge zimene zatsala. Iwo ndi amene aluze, si ine."

Mayiyo analemba. Anali munthu wokhulupirira ntchito yake, ndipo ankaganiza kuti wapeza tsamba labwino koposa m'buku lonselo.

Lachisanu a Lilime anaitanidwa ku ofesi yaikulu. Anavula ovololo n'kuvala malaya a kutchalitchi. M'chipinda cha bwana mkulu munali kapeti wofewa ndi makina oziziritsa amene ankawaomba pakhosi. Mayi wa lipoti anakhala pakona, maso ali pansi. Bwanayo anali munthu waulemu, wamng'ono kwa mwana wawo woyamba. Anaimirira kuwapatsa moni ndi manja awiri, ndipo masamba khumi ndi limodzi aja anali patebulo pake, atawalemba mizere yofiira.

"Bambo, ndawerenga, ndipo ndachita manyazi kuti zina sindimazidziwa. Koma tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Buku limeneli aliyense amatha kulitenga. Tikalemba mmene mumaphikira, anzathu opanga sopo kutsidya kwa msewu awerenga ulele. Tikalemba kuti mumalawa, oyang'anira chitetezo cha antchito atitsekera fakitale mawa lomwe. Tikalemba kuti sopo yense amadalira munthu mmodzi, ndipo munthuyo lilime lavuta, eni masheya athamangira kukagulitsa, mtengo ugwa, ine ndi inu tonse tikakhala pakhomo."

"Ndamva, bwana. Nanga mulemba chiyani?"

"Tilemba zoona, bambo. Koma zoona zovala jekete."

"Ine ndimati akadziwa atumiza munthu."

"Zimenezo ndi za m'nyumba muno. Tiziona."

A Lilime anathokoza n'kutuluka. Potsika masitepe anaona kuti mawu onse a bwanayo anali omveka, ndipo sanapeze limodzi loti alitchule bodza. Chokhacho n'chakuti mawu akuti "tiziona" ankawadziwa bwino.

Sabata yotsatira kunabwera wojambula zithunzi. Anawaveka jasi loyera, magalasi oteteza maso ndi magolovesi, n'kuwalowetsa mu labotale, chipinda chimene ankangofika pakhomo pake. Anawapatsa kabotolo ka madzi ofiirira kuti akakweze kuwindo.

"Muyang'ane ngati mukuganiza, madala."

"Ndikuganizadi. Ndikuganiza kuti mphika ndausiya wokha."

Bukulo litatuluka, lina linaikidwa m'kantini. Linali lokongola, la mapepala osalala onunkhira inki. Mbali yatsopano ija inali ndi masamba anayi. Inanena kuti antchito a kampaniyo, zaka zawo za ntchito zikaphatikizidwa, zimapitirira zikwi ziwiri. Kuti aliyense amasinthidwa malo kawiri pachaka kuti luso lifalikire kwa onse. Ndiponso kuti sopo aliyense amayesedwa mu labotale yamakono. Chithunzi cha a Lilime chinatenga theka la tsamba. Pansi pake analembapo kuti, "Luso la anthu athu ndiye chuma chathu."

"A Lilime, kodi munakhala dokotala liti osatiuza?" anakuwa dalaivala wa lole. "Ine msanawu ukundipweteka, mundione pambuyo pa nkhomaliro."

"Ubwere. Ndikakuthira soda."

Anapita nalo kunyumba buku limodzi. Akazi awo anaika magalasi awo n'kuwerenga masamba anayiwo kawiri, pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere.

"Mwaoneka bwino," anatero. "Koma mphika sindikuuona."

"Mphika ulibe jekete."

Zimene ankaziopa zinachitika mwadongosolo, mopanda mkangano. Anatumizidwa kwa dokotala wa kampani, amene anawaika madzi a mchere, a shuga ndi a mandimu palilime n'kulemba zimene anapeza. Kalata inabwera yowathokoza chifukwa cha ntchito ya zaka zambiri ndi kuwadziwitsa kuti apuma kumapeto kwa mwezi chifukwa cha thanzi. Kampani inali itaitanitsa kachipangizo koyesa soda pa mphindi zochepa, ndipo kankayembekezeka kufika miyezi iwiri ikubwerayo. A Lilime sanadane nako. Anauza amene ankagwira nawo ntchito kuti ndi chinthu chabwino, ndipo chikanabwera kale bwenzi malilime a anthu ali pamtendere. Anangowonjezera kuti kachipangizoko kadzanena kuti soda wachuluka, koma sikadzanena chifukwa chake, kapena choti uchite thovu likayamba kukwera uli pamwamba wekha.

Milungu itatu yotsalayo anayesa kuthira zonse mwa bambo amene anali pamphika nthawi imeneyo. Bamboyo ankamvetsera, ankalemba zina kuseri kwa katoni, koma anali atatsala ndi mwezi umodzi kuti asamutsidwire kodula sopo, ndipo inali nyengo yotentha. Za mafuta a nyengo yozizira ankangozimva ngati nkhani ya dziko lina.

Mayi wa lipoti anawapeza pageti tsiku lina akuweruka. Anali atawadikirira.

"Bambo, ndinalakwa. Ndikanayamba ndafunsa kaye ndisanapereke."

"Simunalakwe, amayi. Ndinakutumani ndine. Koma masamba aja, bwanji mundipatseko? Ndiwapatse amene akutsala pamphika, ayambirepo."

Mayiyo anayang'ana kumbali. "Ali m'dirowa ya bwana. Anawadinda kuti ndi achinsinsi. Ngakhale ine sindiloledwa kuwatulutsa."

"Mawu anga omwe?"

"Akuti ndi chuma cha kampani."

A Lilime anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo. "Ndiye munkanena zoona m'kantini muja. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Angawa agonera m'dirowa."

"Ndiyesanso chaka chamawa."

"Yesani. Mulungu akuthandizeni. Koma masamba khumi ndi limodzi ndi a masiku atatu okha. Chaka chili ndi masiku ambiri."

Tsiku lomaliza anaphika mphika wawo mpaka kuutsitsa, n'kutsuka chipande n'kuchikoloweka pamsomali pake. Anzawo anawapatsa wotchi yapakhoma ndi katoni ya sopo. Kenako anapita ku ofesi ya za antchito kukabweza makiyi a loka yosungiramo zovala zawo ndi kusaina mapepala. Kalaliki wake anali mayi wachikulire amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anatulutsa fayilo yawo, yonenepa, yomangidwa ndi chingwe, n'kuyamba kufunafuna pepala loti asaine. Potembenuza, a Lilime anaona kalembedwe kamene ankakadziwa.

"Taimani, mlongo. Kalembedwe ako ndi ka akazi anga."

Kalalikiyo anasolola pepalalo. Linali la mizere, long'ambidwa m'kope la sukulu. A Lilime anakumbukira kuti iwo ankanena mawu, akazi awo akulemba patebulo la pabalaza, chifukwa dzanja lawo linali loipa. Panali patapita zaka zisanu ndi zinayi, lilime likadali lakuthwa, ndipo bwana mkulu wa nthawi imeneyo anali wina. Pamwamba panali chidindo chosonyeza kuti ofesi inalandira. Kalalikiyo anatembenuza kuseri kuti aone ngati wina analembapo kanthu. Kunali koyera. Anafufuza mapepala oyandikana nalo, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Magalasi ndaiwala," anatero a Lilime. "Tandiwerengereni."

Mayiyo anawerenga motsitsa mawu.

"Kwa bwana mkulu. Ine wophika sopo ndikupempha mwaulemu kuti mundipatse munthu mmodzi wodziwa kulemba, wamwamuna kapena wamkazi, akhale nane pamphika chaka chimodzi chathunthu osasinthidwa, aone nyengo yotentha, yamvula ndi yozizira. Ine ndizinena, iye azilemba, ndipo buku likatha likhale lanu. Sindikupempha kukwezedwa. Amene anandiphunzitsa anamwalira ndi zambiri zimene sindinawafunse, ndipo inenso ndine munthu. Ndidikira yankho lanu."